Lipoti la nkhani: malungo ndi kudontha magazi pa mimba ya masabata 10 imene mwini wake anali kuibisa

Kufika kwa wodwala

Lipoti ili likunena za mayi wa zaka 23 amene anafika pa chipatala chathu chaching'ono, m'dera la alimi a fodya m'chigawo chapakati, pakati pa mwezi wa Febuluwale mvula ili pachimake. Dzina lake, mudzi wake ndi dzina la chipatala sizitchulidwa pofuna kusunga chinsinsi chake. Anafola pamzere wa odwala wamba, osati wa sikelo, ndipo anadandaula kuti kwa masiku atatu wakhala akutentha thupi, kuzizidwa, kumva mutu ndi kusanza. Za mimba sanatchulepo kanthu. Mnzanga amene ankaona odwala tsikulo, asanalembe mankhwala aliwonse, anamufunsa kuti, "Mayi, munasamba liti komaliza?" Mayiyo anayamba wakhala chete, kenako anayankha motsitsa mawu kuti anasamba kumayambiriro kwa Disembala, ndiponso kuti kuyambira dzulo lake wakhala akuona timadontho ta magazi pa chovala chamkati. Zitatero anamubweretsa kwa ine ku chipinda cha amayi oyembekezera, kumene ndimagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba.

Mbiri ya wodwala

Iyi inali mimba yake yachiwiri. Yoyamba inapita padera chaka chathachi itatsala pang'ono kukwanitsa miyezi itatu, ndipo sanapite kuchipatala, kotero kuti chimene chinachititsa sichinafufuzidwe. Kubanja kwa mwamuna wake anatsimikiza kuti mimbayo inachoka chifukwa iye anafulumira kuuza anthu, ndipo ena a mtima woipa anaichita chipongwe. Nchifukwa chake atangozindikira kuti waimanso, anauza mwamuna wake ndi apongozi ake okha. Iye anafotokoza kuti, "Apongozi anati ndisaulule kwa wina aliyense mpaka ioneke yokha, ndipo anati kusikelo kumakhala maso ambiri." Mawu amenewa sindinawatenge ngati umbuli, pakuti anachokera kwa anthu amene anataya kale mimba imodzi ndipo ankafunitsitsa kuteteza yachiwiriyi ndi nzeru zimene anali nazo.

Thupi litayamba kutentha, mwamuna wake anapita pa okala ya pamsika n'kufotokoza kuti mkazi wake akudwala malungo, osatchula kuti ndi woyembekezera. Anabwerako ndi mapiritsi atatu a Fansidar, amene mayiyo anamwa nthawi imodzi, mapiritsi a Brufen amene ankamwa katatu pa tsiku, ndi makapisozi amene, titaona chikutiro chimene anatulutsa m'chikwama, tinapeza kuti anali doxycycline. Kuwonjezera apo, kwa pafupifupi mwezi wathunthu anali kumwa m'mawa uliwonse madzi a mizu imene apongozi ake anatenga kwa sing'anga, imene ankati ndi yolimbitsa mimba. Dzina la mtengo wake mayiyo sankalidziwa. Anavomeranso kuti tsiku lililonse ankadya dothi la chiswe lodzadza chikhatho, ndipo kuti neti imene anali nayo inang'ambika kalekale.

Banjali ndi la matenanti pa esiteti ya fodya wa bale. Mpaka tsiku limene anayamba kudwala, mayiyo ankalawirira kumunda kukathyola fodya mame asanakamuke, n'kunyamula masambawo m'manja mopanikiza pachifuwa kupita nawo kuchigafa, kumene ankakhala akusoka mpaka madzulo. Sasuta, safwenkha ndiponso samwa mowa. Matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kapena khunyu sanapezekepo nawo.

Zimene tinapeza pomuyeza

Anali wofooka koma wodziwa bwino pamene ali, ndipo ankatha kukhala tsonga ndi kumwa madzi. Thupi linatentha kufika madigiri 38.9, mtima unkagunda ka 108 pa mphindi, kuthamanga kwa magazi kunali 100/60, ndipo ankalemera makilogalamu 52. M'maso ndi m'zikhatho munali motuwa. Pamimba panali pofewa, posapweteka mbali iliyonse pokanikiza. Pomuyeza kumusi tinapeza magazi ochepa akudera, khomo la chiberekero lili lotseka, ndipo kukula kwa chiberekero kunkagwirizana ndi mimba ya masabata 10, monga momwe tsiku la kusamba komaliza linkasonyezera. Kuyeza mkodzo kunatsimikiza kuti ndi woyembekezera, kuyeza magazi a pachala kunaonetsa malungo, ndipo mlingo wa magazi unali 9.2 g/dl, pamene mayi woyembekezera sayenera kutsika pa 11. HIV ndi chindoko sanapezeke nazo.

Tinamanga mfundo yakuti ali ndi malungo osafika pa kayakaya, magazi ochepa, ndi mimba imene ikuopseza kuchoka. Panali zinthu zina ziwiri zimene sitikanatha kuzinyalanyaza. Choyamba ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero, m'njira ya mazira, imene imayambanso ndi kudontha magazi pang'ono m'masabata omwewa ndipo ikaphulika imapha mayi m'maola ochepa. Kufewa kwa pamimba kunatipatsa chiyembekezo, koma manja okha sangathetse chikayiko chotere. Chachiwiri ndi kudwala kumene kumabwera chifukwa cha chikonga cha m'masamba a fodya wamuwisi, chimene chimalowa pakhungu masamba akakhala onyowa ndi mame kapena mvula. Munthu amachita nseru, kusanza, chizungulire ndi mutu, zizindikiro zofanana ndi za malungo komanso za mimba yongoyamba. Kutentha thupi ndi zotsatira za magazi zinaloza ku malungo, komabe ndikukhulupirira kuti nseru imene anali nayo masabata a m'mbuyomo inakulitsidwa ndi ntchito ya kumundayo.

Chithandizo

Tinamupatsa Panado wotsitsa kutentha kwa thupi nthawi yomweyo, chifukwa kutentha kwambiri m'masabata oyambirira kumaika mwana pachiswe pakokha, posatengera chimene chakuyambitsa. Pa malungo tinamuyamba LA, mapiritsi anayi kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi 24, ndipo oyambawo anamwa pamaso pathu atadya phala lotsira nsinjiro, popeza mankhwalawa amalowa bwino m'thupi ndi chakudya cha mafuta. Kwa zaka zambiri mayi wa mimba ya miyezi itatu yoyambirira ankapatsidwa quinine pamodzi ndi clindamycin kwa masiku 7, ndipo ambiri ankalekera panjira chifukwa cha kulira kwa m'makutu, chizungulire ndi kusanza. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linasintha malangizo ake litaona umboni wakuti LA sawonjezera kupita padera kapena zilema pomuyerekeza ndi quinine, ndipo linavomereza kuti ndiye aziperekedwa ngakhale m'miyezi yoyambayo. Ndikulemba izi chifukwa alipo ogwira ntchito zaumoyo amene akuopabe kupereka LA kwa mayi wa mimba yaing'ono, ndipo manthawo amachedwetsa chithandizo pamene malungo enieniwo ndi amene amachotsa mimba.

Tinamugoneka usiku umodzi kuti tione ngati mankhwala akukhazikika ndi ngati magazi sakuwonjezeka. M'mawa mwake thupi linali litazizirako, ndipo tinamutumiza ku chipatala cha boma kuti akamuunike ndi makina. Kuunikako kunaonetsa mwana mmodzi ali m'chiberekero, mtima wake ukugunda. Atatha LA ndi kusanza kutachepa, tinamuyamba mankhwala owonjezera magazi pa mlingo wochizira, wa mamiligalamu 120 a ayironi ndi 0.4 a vitamini wotchedwa folic acid pa tsiku. Tinamuchenjeza kuti chimbudzi chidzada ndipo asadabwe nazo, komanso kuti asamwere tiyi mapiritsiwa chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Analandira neti yonyikidwa m'mankhwala ndi katemera wa kafumbata, ndipo tsiku lomwelo tinamulembera sikelo yoyamba m'kabuku kake ka kuchipatala.

Za mankhwala amene anamwa asanafike

Mbali iyi ndi imene yandichititsa kulemba lipotili. Ziwalo za mwana zimaumbika m'masabata oyambirira a mimba, ndipo kanjira kamene kamadzakhala ubongo ndi msana kamatsekeka pofika masiku 28 kuchokera pamene mimba yakhala, nthawi imene amayi ambiri amakhala akungoganiza kuti mwezi wachedwa. Pofika masabata 12 ntchito yaikulu ya kuumbako imakhala yatha. Ndiye kuti nyengo imene mayi amabisa mimba ndi yomweyo imene piritsi lolakwika lingavulaze kwambiri, ndipo ndi yomweyonso imene aliyense womupatsa mankhwala sadziwa kuti akupereka kwa anthu awiri.

Fansidar amasokoneza anthu chifukwa amamuona akuperekedwa kusikelo, ndipo amaganiza kuti ndi mankhwala a amayi apakati nthawi ina iliyonse. Malawi linali dziko loyamba mu Africa kuyamba kupatsa amayi oyembekezera Fansidar woteteza ku malungo, mu 1993, ndipo ndondomekoyi yapulumutsa ana ambiri ku vuto lobadwa onyentchera. Koma amayambidwa mimba ikakwana masabata 13, kenako amaperekedwa motalikitsa ndi mwezi umodzi, kosachepera katatu mimba isanathe. Saperekedwa m'miyezi itatu yoyamba chifukwa amagwira ntchito potchinga folic acid, chomwecho chimene mwana akufunikira kuti ubongo ndi msana ziumbike bwino. Saperekedwanso kwa mayi amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku. Ngati mankhwala ochizira malungo, Fansidar anasiyidwa mu 2007 pamene dziko lino linayamba LA, popeza tizilombo tinali titamuzolowera. Mayiyu anamwa chinthu chimene sichikanamuchiza, pa nthawi imene sichiyenera kumwedwa, ndipo chinamutayitsa masiku atatu malungo akukula.

Brufen, pamodzi ndi anzake monga Indocid, diclofenac ndi aspirin womwera ululu, sitimulola pa mimba popanda dokotala. Kafukufuku wina amamugwirizanitsa ndi kupita padera akamwedwa koyambirira, ndipo mimba ikakula amatha kuwononga impso za mwana, kuchepetsa madzi a m'chiberekero ndi kutseka msanga mtsempha wina wa pamtima wa mwana umene uyenera kukhala wotseguka mpaka atabadwa. Kwa mayi amene ali kale ndi magazi ochepa ndipo sakudya, amawonjezeranso chiopsezo cha zilonda za m'mimba. Panado pa mlingo woyenera ndi amene mayi woyembekezera angamwe pa mutu kapena kutentha thupi, koma akhale wa panjira yopita kuchipatala, osati wolowa m'malo mwa kuyezetsa. Doxycycline timamupewa chifukwa mankhwala a mtundu wake amalowa m'mafupa ndi m'mano a mwana, makamaka kuyambira mwezi wachinayi. Makapisozi ochepa amene anamwa pa masabata 10 sanali chifukwa chomuopsezera, ndipo ndinamuuza choncho mosabisa, pakuti mayi amene wamwa kale mankhwala amafunika kumva zoona zake, osati kukalipiridwa.

Mizu ya kwa sing'anga ndi imene inandidetsa nkhawa koposa, chifukwa palibe amene ankadziwa mtengo wake, mphamvu yake kapena mlingo wake. Tikudziwa kuti zitsamba zina zimakunga chiberekero. Azamba tonse taonapo amayi amene anamwa mwanamphepo pofuna kufulumizitsa kubereka, n'kufika chiberekero chikukungika mosapumira ndipo mwana atatopa. Sindinganene kuti mizu imene mayiyu ankamwa ndi imene inayambitsa magazi, popeza malungo pawokha ndi okwanira kutero, koma panalibe chifukwa chopitirizira chinthu chosadziwika pa mimba imene ikudontha kale.

Dothi, fodya ndi chakudya

Chilakolako cha dothi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, ndipo dothilo limakulitsa vutolo chifukwa limamanga ayironi wa m'chakudya komanso lingabweretse mazira a njoka za m'mimba. Sitinamupatse albendazole, mankhwala a njoka za m'mimba, tsikulo, popeza naye amadikira miyezi itatu yoyamba ithe. Ndinamufotokozera kuti chilakolakocho chingachepe magazi akayamba kubwerera, ndipo anadzatsimikiza kuti zinaterodi.

Nkhani ya fodya inali yovuta, chifukwa tenanti amalipidwa malinga ndi fodya amene wakolola, ndipo kuchotsa munthu mmodzi m'munda mu Febuluwale ndi kuchotsa ndalama za chaka chonse. Kungonena kuti apume kukanakhala kulamula chinthu chimene banjalo silingathe. Tinagwirizana ndi mwamuna wake kuti mayiyo asiye kuthyola fodya wonyowa ndi kusenza mitolo, asayandikire pamene akupopera mankhwala kapena kuchapa zovala za wopopera, ndipo magazi akasiya angathandize ntchito zopepuka atavala malaya a manja aatali, n'kusamba ndi sopo akamaliza. Kugona pamphasa tsiku lonse sindinamulamule, chifukwa umboni sukusonyeza kuti kumaletsa mimba kuchoka. Kukhala malo amodzi ndi mwamuna ndinawapempha kuti adikire mpaka magazi atasiya.

Pa chakudya anandiuza kuti amuletsa mazira poopa kuti mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Mazira ophika bwino ndi chakudya chotsika mtengo chimene chili ndi zomanga thupi, ndipo ndinamulimbikitsa kudya pamodzi ndi usipa, nyemba, mtedza, bonongwe, chisoso ndi zipatso za nyengoyo, kuti magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya azipezeka. Zimene ayenera kupewa ndi nyama kapena mazira osapsa, mkaka wosawiritsa, madzi osathira mankhwala m'nyengo ya kolera, ndi mowa wa mtundu uliwonse, kaya masese, kachasu kapena wa m'botolo, popeza palibe mlingo wa mowa umene unapezeka kuti ndi wosavulaza mwana wosabadwa.

Kukambirana ndi banja

Apongozi ake anabwera tsiku lachiwiri ndi chakudya, ndipo mayiyo atavomera ndinawaitanira m'chipinda. Ndinati, "Amayi, mwachita bwino kumusamala mwanayu, ndipo sitikukupemphani kuti mulengeze m'mudzi. Chimene tikupempha n'chakuti ife a kuchipatala tikhale m'gulu la amene akudziwa." Anafunsa ngati kabuku kake sikadzaonedwa ndi anthu ena, ndipo ndinawatsimikizira kuti zolembedwamo ndi za mwini wake, komanso kuti angabwere masana mzere utatha. Za mizu anayamba akana kuti ingavulaze, koma anavomera kuisiya pamene ndinawauza kuti sitingathe kudziwa mmene ikukumanirana ndi mankhwala a malungo.

Vuto la mayiyu si lake yekha. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 95 mwa 100 aliwonse anapita kusikelo, koma 24 okha mwa 100 ndi amene anayamba m'miyezi itatu yoyambirira. Malangizo a World Health Organization a 2016, amene Unduna wa Zaumoyo ukutsata, amafuna kuti mayi aonedwe ka 8, koyamba masabata 12 asanathe. Kubisa mimba ndi chimodzi mwa zochedwetsa, koma zina zili mbali yathu. M'madera ena mayi wobwera wopanda mwamuna amabwezedwa kapena kuuzidwa kuti akatenge kalata kwa amfumu, ndipo pamene zipangizo zoyezera mkodzo zatha amauzidwa kuti adzabwerenso mimba ikadzayamba kugwirika. Lamulo lofuna kuti abambo azibwera linali ndi cholinga chabwino, koma mayi amene akuopa maso a anthu sangapite kubwalo la amfumu kukapempha kalata ya mimba ya miyezi iwiri, ndipo ndikuona kuti palibe mayi woyenera kubwezedwa pa chifukwa chimenechi. Pa chipatala chathu tinagwirizana kuti mayi aliyense wa msinkhu wobereka amene wabwera ndi matenda ena afunsidwe za kusamba kwake pamalo posamva ena, mankhwala asanalembedwe, ndipo tinapempha alangizi a zaumoyo kuti akamayendera ogulitsa m'maokala aziwakumbutsa kuti mankhwala a malungo ndi makapisozi si ogulitsa popanda kuyeza.

Asanatuluke tinabwereza naye zizindikiro zoyenera kubwerera nazo usana kapena usiku: magazi ochuluka kapena a zibuma, kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, kukomoka, kutenthanso thupi, ndi kusanza kosalola ngakhale madzi. Tinamuuzanso za Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chimathandiza dziko lonse, kumene angafunse za mankhwala popanda womuona.

Mmene zinathera

Magazi anasiya sabata lisanathe. Pa masabata 14 anabweranso, ndipo analandira albendazole ndi Fansidar woyamba, amene anamwa pamaso pathu. Mlingo wa magazi unakwera kufika 10.1 g/dl pa masabata 20 ndi 11.2 pa masabata 30, ndipo kuchokera apo tinamutsitsira pa piritsi limodzi pa tsiku. Kuunika kwachiwiri pa masabata 22 sikunaonetse chilema cha mutu kapena msana. Anaphonya sikelo imodzi m'nyengo yogulitsa fodya, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake anamutsatira kunyumba. Malungo sanadwalenso, ndipo Fansidar analandira kasanu. Anachira pa chipatala chathu pa masabata 38, mwana wamkazi wolemera makilogalamu 2.7, amene analira atangobadwa ndipo pomuyeza sitinapeze chilema chilichonse chooneka.

Kutha bwino kwa nkhaniyi sikutanthauza kuti zimene anamwa zinali zosavulaza, pakuti nkhani ya munthu mmodzi singatsimikize zotere, ndipo za mano a mwanayo tidzaziona akadzayamba kumera. Pa masabata 6 atachira mayiyo anasankha njira yolera ya pamkono, ndipo tinalemba m'kabuku kake kuti akadzafuna mwana wina adzabwere kudzayamba folic acid miyezi itatu asanachotse njirayo, komanso kudzayezetsa mlingo wa magazi.